Zoti mapazi a anthu angatulutse magetsi n'zoona kapena ndi za pa vidiyo chabe?

Wa_ku_Ntcheu_paNoord:

Moni nonse m'gulu muno, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Pali nkhani yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu sabata yonseyi nde ndati ndibwere nayo kuno poti muno muli anthu odziwa za magetsi, paja safunsa anadya phula.

Ine ndimagulitsa makava a mafoni, matchaja, mahedifoni ndi tina ndi tina chapafupi ndi renki ya matekisi ya Noord mu Joni muno. Amene munadutsapo cha m'ma 6 m'mawa kapena madzulo anthu akuweruka mukudziwa mmene pamakhalira, anthu ngati linthumbu, ena akuchokera ku Park Station, ena akulowera ku Small Street, ena akuthamangira ku Bree kukakwera tekisi ina, tsiku lonse mapazi okhaokha mpaka ukafika kunyumba usiku mgugu wake umamvekabe m'makutu. Ndiye Lamlungu lapitali mwana wanga wamkazi, ali Grade 9, anandionetsa kavidiyo pa foni kakuti ku Japan anayala matailosi pa siteshoni ya sitima, anthu akamapondapo magetsi akutuluka mababu akuyaka. Akuti dzina lake ndi piezoelectric. Ine nditangoona mtima unagunda, ndinati ndiye kuti mapazi onse aja a pa Noord akungopita pachabe tsiku ndi tsiku, chonsecho 2023 yonse tinali mumdima ndi load shedding, anthu amabwera patebulo panga kudzapempha kuti ndiwatchajireko foni ine ndilibe potchajira.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona, ndingathe kuyala kathabwa kotere patsogolo pa tebulo langa anthu azipondapo podutsa, ine ndizitchajira mafoni? Komanso chomwe chikundikhudza kwambiri ndi kumudzi. Mayi anga amatuma mdzukulu kuyenda mtunda wautali kukatchajitsa foni ku trading centre, masiku ena ndimaimba masiku atatu osawapeza, mtima m'mwamba osadziwa ngati ali bwino. Pafupi ndi kwathu pali sukulu ya pulaimale ya ana ambirimbiri othamangathamanga tsiku lonse, ndimaganiza kuti atayala zimenezi pakhomo la kalasi bwezi pali magetsi.

Ndili ndi kandalama komwe ndakhala ndikusunga kuti ndikagule malata mu December. Sindikufuna kukataya koma ngati nzeru imeneyi ili yeniyeni ndingalolere malata adikire. Ndithandizeni abale.

Wamawaya_Rosettenville:

Achimwene mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Ine ntchito yanga ndi ya mawaya, masiku ano kwambiri timaika masola ndi ma inverter m'nyumba za anthu. Nditalikitsa pang'ono mundipirire.

Vidiyoyo sikunama ayi. Zinthu zake zilipodi ndipo mwina pa tebulo lanulo mukugulitsa zina. Laitala ija yongodina n'kumveka kuti tha, mulibe batire mulibe mwala wopalasa, muli kachidutswa kolimba ngati mbale yadothi ndi kahamala ka sipuling'i, kahamalako kakamenya kachidutswako kamatulutsa magetsi okwana kuthetheka n'kuyatsa gasi. Piezo yake ndi imeneyo. Anaitulukira anthu awiri apachibale a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, mu 1880, ataona kuti miyala ina monga quartz ukaikanikiza imatulutsa magetsi. Za ku Japan nazo zinachitikadi, kampani ya sitima ya JR East inayesa zimenezi pa mageti a matikiti pa Tokyo Station kuyambira 2006 ndipo anabwereza kangapo zaka zotsatira. Koma mawu oti anayesa muwagwire bwino. Maganizo awo anali oti mwina mphamvuyo ingathandize timageti ta matikiti ndi zikwangwani zowala, osati sitima kapena siteshoni yonse.

Tsono tiyeni tichite masamu chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Titenge munthu wolemera makilogalamu 70. Akaponda, thailosi lija liyenera kulowa pansi pang'ono, tinene mamilimita 5, kupitirira apo anthu ayamba kupunthwa. Mphamvu imene phazi lapereka timaipeza pochulukitsa 70 ndi 10 (mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi) ndi 0.005 (mamilimita 5 aja m'mamita), yankho ndi ma joule 3.5, joule ndiye muyezo wa mphamvu. Malire ake ndi amenewo, ngakhale mutabweretsa makina abwino bwanji simungakolole zoposa zimene phazi laikapo. Yuniti imodzi ya magetsi, imene timagula pa prepaid ija, ndi ma joule 3,600,000. Gawani muone. Mapazi oposa 1 miliyoni kuti mupeze yuniti imodzi yokha, ndipo apa ndawerenga ngati palibe chotayika m'njira, pomwe zoona zake chotayika ndi chambiri kuposa chotsala.

Tibwere pa foni. Batire la 5000 mAh limasunga pafupifupi ma joule 68,000. Ndiye kuti mapazi pafupifupi 20,000 pa foni imodzi, ngati munthu ayende wapansi makilomita 14 kapena 15 phazi lililonse likutera pa thailosi. Kathabwa ka patsogolo pa tebulo lanu, munthu aliyense wodutsa apondapo kamodzi kapena kawiri basi, enanso azikalambalala poopa kuti ndi msampha, mukudziwa mmene anthu a mu tauni muno amachenjerera ndi chinthu chachilendo pansi. Tsiku labwino kwambiri mwina foni imodzi, ndipo apo ndikunena thailosi lapamwamba lopangidwa ku fakitale.

China chomwe mavidiyo sanena. Matailosi otchuka kwambiri, a kampani ya ku London yotchedwa Pavegen imene anaiyambitsa Laurence Kemball-Cook mu 2009, aja anaikidwa pa siteshoni ya West Ham nthawi ya Olympics ya 2012, amene akupanga masiku ano si a piezo. Pansi pake pali timajenereta ta maginito ndi waya, phazi likakanikiza timazungulira ngati dainamo ya njinga. Eni akewo amanena ma joule owerengeka pa phazi, zofanana ndi masamu tachita aja. Piezo yeniyeni imapereka zochepa kwambiri kuposa pamenepo chifukwa ndi youma gwa, siilola kupindika, ukaikakamiza imasweka.

Yerekezani ndi sola. Panelo ya ma watts 100 padzuwa la kuno kapena la ku Ntcheu, tinene maola 5 a dzuwa lamphamvu, imakupatsani pafupifupi theka la yuniti patsiku. Mukachotsa zotayika mumatchaja mafoni 15 kapena 20 bwinobwino. Kuti mapazi afanane ndi panelo imodzi imeneyo pafunika mapazi theka la miliyoni tsiku lililonse. Ndalama ya malata musaiike m'matailosi achimwene, ndakupemphani.

Mtchona_wa_Theba:

Ana anga ndawerenga zonse. Ine ndine wamkulu, ndinabwera kuno nthawi ya Theba, kampani ija yolemba anthu ntchito za m'migodi, kulemba pa foni ndimachedwa koma apa ndiyenera kuyankhulapo.

Masamu anu a Wamawaya sindikuwatsutsa, sukulu yanga siinafike pamenepo. Koma ndili ndi nkhawa kuti tikumufooketsa mnzathuyu pamodzi ndi mwana wake. Ife Amalawi vuto lathu munthu akabwera ndi nzeru yatsopano timathamangira kunena kuti sizingatheke. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu pomwe amatola zitsulo zakutha, fani ya thirakitala ndi njinga ya bambo ake kuti apange makina amphepo, anthu amati wapenga. Anali mnyamata wamng'ono woti wasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija. Mababu anayaka m'nyumba mwawo ndipo lero dziko lonse likumudziwa.

Komanso paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Phazi limodzi n'lochepa inde, nanga a Joni yense? Ine ndinalowapo mu FNB Stadium tsiku la mpira wa Chiefs ndi Pirates, anthu oposa 90,000 amakwana mmenemo, akayamba kuvina simenti imachita kunjenjemera pansi pa mapazi, mphamvu imeneyo mukundiuza kuti ndi yachabe? Mdzukulu wanga anandiwerengera kuti ku Brazil, mumzinda wa Rio de Janeiro, anakonza bwalo la mpira mu 2014 lomwe ana akamathamanga magetsi a pabwalopo amayaka usiku, anakatsegulira ndi Pelé mwini wake, ndipo ku Lagos ku Nigeria anachitanso chimodzimodzi. Ngati ku Nigeria zinatheka, ku Ntcheu zingalephere bwanji?

Ine ndinagwira ntchito pansi pa nthaka zaka zambiri, ndikudziwa mtengo wa kuwala. Kanyali kakang'ono kapachipewa ndi kamene kamasiyanitsa wotuluka wamoyo ndi wotsala. Ndiye musanyoze magetsi ochepa.

Wamawaya_Rosettenville:

Bambo athu zikomo, mawu anu ndawamva ndipo pa nkhani yosafooketsa mwana ndili nanu limodzi. Kanyali kakang'ono sindikukanyoza ayi. Chomwe ndikuopa ndi chakuti ndalama yogula tinyali 20 ipite pa kamodzi.

Tiyeni titenge FNB yomweyo. Anthu 90,000, aliyense adumphe ka 1,000 masewero onse, komwe ndi kudumpha kwambiri zedi. Kuchulukitsa ndi ma joule 3.5 aja tikupeza mayunitsi osakwana 90. Ndipo kuti muwapeze muyenera kuyala matailosi pansi pa mpando uliwonse bwalo lonse, mawaya ake, okonza zikawonongeka, kenako bwalolo likhala chete mpaka masewero ena. Mapanelo 40 akuluakulu a ma watts 550 padenga angakupatseni mayunitsi omwewo tsiku lililonse, kaya kuli mpira kaya kulibe. Mtolo umakwanadi bambo, koma uwu tikutola udzu umodziumodzi pomwe pafupi pali dambo lonse.

Bwalo la ku Rio n'loona, lili ku Morro da Mineira, anaikapo matailosi 200 a Pavegen ndipo ndalama inachokera ku kampani ya mafuta ya Shell. Koma pambali pa matailosiwo anaikanso mapanelo a sola othandizira kudzaza mabatire, ku Lagos chimodzimodzi. Chomwe chinali chokoma pamenepo n'chakuti ana amaona ndi maso kuti kuthamanga kwawo kukusanduka kuwala, ndipo phunziro limenelo ndi lamtengo wapatali. Koma sukulu ya kumudzi ilibe kampani yoilipirira, thailosi likafa palibe wopita nalo ku London.

Za Kamkwamba, ine ndimamulemekeza pa chifukwa china. Mnyamata uja anapita ku laibulale, anawerenga, anasankha mphepo chifukwa mu mphepo muli mphamvu yokwanira ndipo zipangizo zake zimapezeka pamalo pomwepo. Sanangotengeka ndi chithunzi. Mwana wa achimwenewa akaphunzira kufunsa kuti mphamvu ilipo yochuluka bwanji asanagule waya, ndiye kuti watsata mapazi ake enieni.

Okonza_Mafoni_Fordsburg:

Amwene a ku Ntcheu ine zimenezi ndinapangapo ndi manja angawa nde ndikuuzeni mmene zinayendera. Inali nthawi ya load shedding ya stage 6, magetsi akuzima maola ambiri patsiku, shopu ili zii makasitomala kulibe, ndinaonera mavidiyo omwewo ndinati ndiyesere. Ndinagula timbale ta piezo 20, tija tamkuwa tokhala ndi choyera pakati, timapezeka mu ma buzzer ndi m'makadi oimba nyimbo aja, m'mashopu a zamagetsi sitidula. Ndinatiyala pa pulayiwudi, pamwamba pa kalikonse kachidutswa ka chubu cha njinga, kenako thabwa lina pamwamba.

Kulumikiza multimeter, kachipangizo koyezera magetsi kaja, kuponda, mavoti anakwera kudutsa 20. Ndinasangalala koopsa ndinati foni imafuna 5 yokha apa ndadutsa kale. Apa ndi pomwe anthu ambiri amanamizikira, ndipo mavidiyo ambiri amathera pomwepa, amakuonetsa nambala pa mita basi. Mavoti aja amabwera ngati mphezi, kuphethira kamodzi apita, ndipo current yake, kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya, ndi yochepetsetsa. Zili ngati madzi a mu jekeseni, amathamanga mwamphamvu koma simungadzaze nawo ndowa. Nditalumikiza foni sinaonetse ngakhale kachizindikiro kotchaja.

Zomwe ndinaphunzira, poti mwina wina afuna kuyesa. Piezo imatulutsa magetsi opita uku ndi uku, ukaponda mbali ina ukachotsa phazi mbali inayo, nde pamafunika ma diode anayi, tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kuti awongoke, kalumikizidwe kotchedwa bridge. Ndipo ndi bwino kambale kalikonse kapena kagulu kakang'ono kakhale ndi bridge yakeyake, chifukwa phazi silipsinja tonse nthawi imodzi, mukangotimanga pamodzi kena kakutulutsa kena kakumeza. Kenako muike capacitor, kachipangizo kosungira magetsi kwa kanthawi. Ine ndinaika ya 100 microfarad, ndimaponda kambirimbiri kuti ifike mavoti 10, ndipo mukawerenga mphamvu yosungidwa pamenepo ndi ma joule 0.005 okha. Yerekezani ndi 68,000 anena a Wamawaya aja. Koma kababu kakang'ono ka LED kamayaka ndithu, ukadina switch kamawala kanthawi, ndipo ana a pa flat pathu amachita kulimbirana kuponda.

Patatha masabata awiri timbale 7 tinali titang'aluka. Choyera chija n'chosachedwa kusweka, munthu wonenepa akaponda ndi chidendene chatha, komanso pomwe wawotcherera waya pamathothoka msanga, osachedwetsa chowotcherera pamenepo chifukwa kutentha kumawononga. Apo munali m'nyumba. Panja pa Noord ndi fumbi lija, mvula ya matalala ya mu November, matrole a katundu, madzi oyenda m'mbali mwa msewu, sindikhulupirira kuti kangathe sabata. Osaiwalanso kuti mu tauni muno mawaya a maroboti amene amazulidwa, nde kathabwa ka mawaya kosiyidwa panja kangagone?

Chinanso, choyeracho nthawi zambiri ndi chinthu chotchedwa PZT ndipo muli mtovu, tosweka musasiyire ana aang'ono aziseweretsa kapena kuika mkamwa, mukagwira sambani m'manja.

Koma sindinong'oneza bondo kuti ndinapanga. Zomwe ndinamvetsa pa masabata awiri amenewo za kusiyana kwa mavoti ndi current zimandithandiza mpaka pano pa ntchito yanga.

Mayi_wa_Diepsloot:

Achimwene ine za masamu sindilowererapo koma ndikuchenjezeni mbali ina. Nkhani za magetsi aulere zikatchuka pamabwera akamberembere. Chaka cha mdima chija pa gulupu ina ya WhatsApp munthu wina amagulitsa kabokosi akuti kamapanga kokha magetsi, kosafuna dzuwa kosafuna mafuta, ungokagwedeza pang'ono m'mawa. Vidiyo anaika, babu likuyaka. Ine ndi ana awiri olemba homuweki pa kandulo, ndipo kwathu kuno kandulo timaiopa chifukwa nyumba zathu ndi zogundana moto ukabuka umatha mzere wonse, ndinatumiza R1,200 yomwe inali ya fizi ya mwana wa mchemwali wanga kumudzi. Kanayaka masiku atatu. Mnyamata wina woyandikana naye atakatsegula anapeza muli kabatire kakang'ono basi ndi mawaya osalumikizidwa kulikonse. Nambala ya wogulitsayo inali itazimitsidwa. Ndinalira ndithu, osati ndalama yokha koma kuti ndimuuza chiyani mchemwali wanga. Ndiye wina akabwera ku inbox kwanu atawerenga funso lanuli kuti ali ndi matailosi a ku Japan otchipa, musayankhe.

Koma pali chomwe bambo a Theba anena chandikhudza. Ine ndimadzuka 4 koloko, hafu pasiti ndili panjira kupita kokwerera tekisi ya ku Fourways komwe ndimagwira ntchito. Nthawi yozizira kumakhala mdima wandiweyani ndipo pali kanjira kena kopanikizika komwe azimayi timadikirana kuti tidutse atatu kapena anayi, wekha sungayerekeze. Ndikanakonda pamenepo pakanakhala kuwala koyaka munthu akamadutsa, ngakhale kochepa, uone amene ali patsogolo pako. Nditawerenga mutu wa nkhaniyi ndinaganiza za kanjira kameneko. Kodi pamenepo zimenezi sizingathandize? Sitikufuna kuphikira kapena kusita, kuwala kokha basi.

Mphwanu_wa_kukoleji:

Mayi pepani kwambiri ndi zomwe zinakuchitikiranizo. Pa kanjira kanuko chomwe chingagwire msanga ndi nyali za sola zokhala ndi sensa, zija zimayaka zokha munthu akayandikira, zimapezeka m'mashopu a hardware ngakhale ku China Mall. Azimayi mukasonkherana mugule ziwiri zitatu, mupemphe eni nyumba za m'mbali mwa kanjirako muzikhome pamwamba pomwe dzanja silifika, poti zikakhala pakhoma la munthu zimakhala ndi mwini woziyang'anira. Thailosi lili pansi, aliyense alifikira, ndiponso limayaka pokhapokha mwaliponda, pomwe inu mukufuna kuona patsogolo musanafikepo.

Ine ndikuphunzira za magetsi chaka chachiwiri, ndiwonjezere ziwiri pa zomwe akulu anena. Anthu timaganiza kuti mphamvu ya mapazi ikungotayika nde kuitola ndi ulere. Si choncho kwenikweni. Pansi polimba pamabweza phazi, pansi polowa pamalanda mphamvu kwa woyendayo. Amene munayendapo pamchenga kunyanja ku Mangochi kapena ku Senga Bay mukudziwa mmene miyendo imatopera msanga. Magetsi a thailosi ndi nsima imene munthu uja anadya, ndipo mukafuna ambiri muyenera kumutopetsa kwambiri, agogo ndi onyamula katundu pamutu ndi amene angavutike.

Ngati tikufunadi magetsi ochokera m'miyendo, njinga ndiye yake. Munthu wopalasa bwinobwino amatulutsa ma watts 50 mpaka 100 kwa nthawi yaitali, pomwe woyenda pa matailosi abwino kwambiri, mapazi awiri pa sekondi, ndi ma watts 7. Anyamata a kabaza kumudzi ndi amene ali ndi mphamvu yeniyeni, ndipo alimi athu anazindikira kale ndi mapampu opondaponda aja othirira kudimba, pamenepo phazi limatsika mtunda wautali nde ntchito imaoneka.

Piezo payokha si yachabe ayi, ili paliponse, kungoti luso lake ndi kumva osati kunyamula katundu. Sikani ya amayi oyembekezera kuchipatala imagwira ntchito ndi piezo. Wotchi ya batire ili ndi ka quartz konjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Magitala ena a kutchalitchi amatolera mawu ndi piezo, ma injector a magalimoto ena a dizilo chimodzimodzi, m'misewu ina amaikwirira kuti iziwerenga magalimoto odutsa. Ndiye thabwa la a ku Fordsburg likhoza kukhala belu lodziwitsa kuti pakhomo pafika munthu, kapena chowerenga anthu olowa mu shopu, kapena switch youza nyali ya sola kuti iyake. Pa ntchito zimenezo limakwana bwino.

Achimwene a ku Ntcheu, inu kwanu simutalikirana ndi Golomoti, mukatsika Khwekhwerere paja pali munda wa masola wa ma megawatts 20, ku Salima kuli wina wa 60. Wa Golomoti wokhawo dzuwa likakhala paliwombo, kuti mapazi afanane nawo pafunika mapazi pafupifupi 6 miliyoni pa sekondi iliyonse. Dzuwa lomwelo likuwombanso padenga la amayi anu.

Ndipo mwana wanuyo musamusiye. Kuno kuli mpikisano wa ana asukulu wa Eskom Expo for Young Scientists, afunse aphunzitsi ake a sayansi. Akapanga thabwali, n'kuyeza moona mtima kuti phazi limodzi likupereka zingati, n'kuyerekeza ndi kapanelo kakang'ono ndi dainamo ya njinga, imeneyo ndi pulojekiti yeniyeni. Asabise kuti mphamvu ndi yochepa, kupeza kuti ndi yochepa bwanji ndiye ntchito yakeyo.

Wa_ku_Ntcheu_paNoord:

Abale zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri, usiku tinawerenganso limodzi ndi mwana. Sindibisa, poyamba zinandiwawa chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditaona kale sukulu ya kwathu ikuwala. Lero m'mawa ndinakhala patebulo kuyang'ana anthu akudutsa, ndinayesa kuwerenga oponda malo amodzi patsogolo panga kwa mphindi 10, kenako mwana anachulukitsa ndi 3.5 uja, tinaona tokha kuti a Wamawaya sananame.

Ndaganiza chonchi. Malata ndigula ochepa, otsala chaka chamawa, ndalama inayo ipite pa panelo ya 100, batire ndi mababu atatu kwa amayi. Akamatchajirako anthu oyandikana nawo azipezanso ya sopo ndi mchere. A Wamawaya mundiuze, ndigule konkuno ndikweze basi kapena ndikagule ku Lilongwe? Ndikuopa mmene katundu amaponyedwera pa Beitbridge ndi pa Nyamapanda akamatsitsa kuti asechedwe, galasi lingasweke ndisanafike n'ku Tete komwe.

Bambo a Theba musadandaule, mwanayu sanafooke, ndiye wachita kulimbikira. Akuti akufuna aone yekha ma joule akewo ndi maso. A ku Fordsburg, kodi timbale totsala tija mukadali nato? Ngati n'kotheka Loweruka masana ndikatseka ndibwere naye mumuonetse kalumikizidwe ka ma diode, ndilipira nthawi yanu. Mayi a ku Diepsloot, pomwe ndimaoda katundu pamakhala nyali za sensa zija, ndikafunsa mtengo wa hoselo ndikuuzani muno, ine sindiikapo phindu.

Wamawaya_Rosettenville:

Panelo ndi batire mukagule ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa shopu yopereka lisiti, zikavuta mukhale ndi kobweza, batire ndi lolemeranso pa basi. Kuno mugule charge controller yabwino, kabokosi koyendetsa katchajidwe ka batire, ndi mababu a LED a mavoti 12, zimenezo zikwana m'chikwama. Osalumikiza panelo ku batire mwachindunji popanda controller, batire liphika miyezi yochepa, ndipo muike fyuzi pafupi ndi batire. Poika padenga iyang'ane kumpoto, ipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi, pasakhale mthunzi wa mtengo wa mango. Musananyamuke mundikumbutse ndikujambulireni kalumikizidwe kake papepala.

Okonza_Mafoni_Fordsburg:

Tilipo 13 tamoyo amwene, ma diode ndi capacitor ndili nazo, multimeter abwereka yanga. Zolipira ayi, nafenso anatiphunzitsa ena. Inu mubweretse mapulayiwudi awiri ofanana, kukula ngati thireyi, chubu chakutha cha njinga ndi guluu. Mwanayo abwere ndi kope ndi cholembera, ayambe wadziyeza pa sikelo kuti tidziwe makilogalamu ake, tidzayeze iyeyo kenako inuyo tione kusiyana. Mufike isanakwane 3, ndimatseka 5.